Nkhokwe ya Zenera

Ndinafika kwa Chimbalame dzuwa litalowa kale. Ndi kwawo kwa malemu mayi anga, koma ine ndinali ndisanapondeko. Ndinakulira ku Ndirande. M'chikwama ndinanyamula chingwe ndi zikhomo zoyezera maziko a nyumba yanga.

Malume anga, a Sikelo, ataona zikhomozo anapukusa mutu.

"Mphwanga, munda uno tinaulembetsa ku bungwe losunga minda. Ndi wathu mpaka kalekale, palibe angaugule. Koma nyumba yatsopano ayi. Chololedwa kumanga ndi khola ndi nkhokwe basi."

"Nanga akamwini amagona kuti?"

Anandilozera nkhokwe zitatu zikuluzikulu kuseri. Iliyonse inali ndi chitseko, zenera ndi katani. Mkamwini wina anasuzumira pamwamba pa makwerero n'kundipatsa moni.

"Oyendera minda akamabwera, timathira chimanga pabedi," anatero malume. "Nawenso tikulukira yako. Nsungwi zilipo."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Chaka chomwe tinkasaina chija tinakulembera kalata. Tinati bwera udzasankhe malo a mayi ako, tiwapatule. Iwe unati watanganidwa."

Ndinaikumbukira kalatayo. Ndinkaikapo kapu ya tiyi.

Kutangocha ndinazungulira mundawo. Chimanga chinali biriwiri mpaka kumtsinje, pamene tsidya linalo kunali mipanda ya njerwa yokhayokha. Malume sanalakwe. Koma mawondo angawa anakalamba, makwerero a nkhokwe sangawathe.

Zikhomo zija ndinawasiyira. Anati azimangirirapo mbuzi. Ndinakwera basi yoyamba.