Kingstone Awotcha Chikombole

Kingstone anaponya chikombole chake pamoto. Adokotala anali atanena kuti chomwe chikubanikitsa mwana wake ndi "moldi" wa m'nyumba, ndipo kumene iye amaumba njerwa ku Nkando, akapitawo amatchula chikombole dzina lomwelo.

Mkazi wake Tamanda anatulukira, atabereka mwana amene ankapuma ngati wezulo.

"Bambo a Takondwa, mwatani? Tidya chiyani?"

"Ndi chimene chikutiphera mwana. Chimagona kunsi kwa bedi lathu."

"Adokotala amanena chuku, bambo. Chuku cha pakhoma."

Kingstone anapisa manja m'moto, koma thabwa linali litagwira kale moto. M'nyumbamo khoma la njerwa zomwe anaumba yekha linali bii, litanyowa ndi chiperoni, ndipo mwana anayambanso kutsokomola.