Mabuku Atatu a Lachitatu

Mayi wina anaika mabuku atatu patebulo pamaso pa amuna ake.

"A sabata ino ndi awa, bambo," anatero, mawu akutuluka ngati obwereka.

Linali bodza lamkunkhuniza. Kushopu ya mabuku sanapondeko phazi. Onse atatu anawasolola m'mawa womwewo m'katoni ya pansi pa shelefu, ndipo anali a zaka zinayi zapitazo.

Tsono munthu amene ankanamizidwayo sanali woti n'kumuseweretsa. Amuna ake ankadziwika ndi dzina loti Aprofesa, osati chifukwa cha sukulu ayi, koma chifukwa cha mabuku a zithunzi a ngwazi zouluka, aja ena amati ndi a ana. Anali atawatolera kwa zaka makumi atatu. Chipinda chimene anzawo akanagonekamo alendo, iwo anagonekamo makatoni, buku lililonse m'pulasitiki yakeyake, katoni iliyonse ndi nambala yake. Lachitatu likakwana, tsiku lofika mabuku atsopano, anthu kushopu ankayamba amva kaye za Aprofesa asanapise m'thumba. Akangoti ili ndi zinyalala, bukulo linkachita fumbi pashelefu mpaka chaka kutha. Tsiku lina anamubweza mkazi wawo yemweyu kushopu mvula ili pamsana, nkhani yake kangodya kopindika komwe munthu wabwinobwino sakanakaona.

Aprofesa anapukuta manja ndi kathaulo monga mwa nthawi zonse, n'kusolola buku loyamba m'pulasitiki. Analinunkhiza. Mayiyo anawayang'anitsitsa. Buku latsopano limamveka inki, koma ili linkamveka katoni ndi mankhwala a mphemvu.

"Mmm," anatero Aprofesa, n'kutsegula.

Anawerenga mwakachetechete, chala chikuyenda pamwamba pa zithunzi koma chosakhudza pepala. Posakhalitsa anaphulika.

"Taonani, amayi! Msodzi wa Mphezi amusinthira chovala. Munthu wokola ziphaliwali ndi ukonde n'kumuveka zobiriwira ngati chule? Ndiye wojambulayu anaphunzira kuti? Taonani mkonowu, ukumera m'khosi!"

"Eya," anayankha mayiyo. Maso ake anali pakona ya chikuto, pamene mwezi ndi chaka zinali poyerayera m'zilembo zakuda bii. Chala chachikulu cha Aprofesa chinali chitagona pambali penipeni pa zilembozo. Chikanangosuntha pang'ono, zonse zikanaululika.

Chalacho sichinasunthe. Buku linabwerera m'pulasitiki.

Buku lachiwiri linali la Mkazi wa Mwala, ndipo nkhope ya Aprofesa inamasuka.

"Ili ndiye buku. Masamba asanu opanda liwu ndi limodzi lomwe, mayi angosenza mlatho pamapewa anthu akuwoloka. Wolemba wodziwa kutseka pakamwa ngwosowa masiku ano. Enawa ngwazi imayankhula ngati ili pamsonkhano, nyumba ikupsa. Mukawauze akushopu aja andisungire makope awiri."

"Ndikawauza."

Thukuta linkatsika mumsana mwa mayiyo, chonsecho mazenera anali otsekula. Linatsala buku limodzi.

Limeneli linali ndi mbiri m'banjamo. Patsamba lachisanu ndi chinayi panali banga la tiyi lalikulu ngati dzira, ndipo anadonthezapo anali iye mwini, sabata yomwe bukulo linagulidwa. Aprofesa anatha masiku khumi osamuyankhula. Nkhani inafika mpaka kwa alamu ake, anthu akuluakulu n'kukhala pansi tsiku lonse kukambirana za kapepala. Munthu angaiwale tsiku lake lobadwa, koma banga limene linatsala pang'ono kuthetsa banja saliiwala.

Masamba anayamba kutembenuka. Lachisanu ndi chimodzi. Lachisanu ndi chiwiri. Mayiyo anatsinzina n'kupemphera chamumtima: Ambuye, lero lokha, chonde lero lokha.

Atatsegula maso, bangalo linali pamtetete. Aprofesa anali ataima pomwepo. Anayang'anitsitsa tsambalo nthawi yaitali, chipumi chikuchita makwinya, milomo ikugwedera. Kenaka anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mkazi wawo m'maso.

"Amayi."

"Bambo?"

"Ichi n'chiyani?"

Mayiyo anangoyang'ana bangalo.

"Ndikuti ichi n'chiyani?" Aprofesa anamenya tebulo ndi chikhatho. "Dzimbiri amupha! Chigawenga chimene tachidikira chaka chathunthu, n'kufa chifukwa choterereka padenga? Patsamba lachisanu ndi chinayi? Anthu amenewa akutiyesa ana. Sindinayembekezere, amayi, ndithu sindinayembekezere."

Anatembenuza tsambalo, banga ndi zonse, n'kupitiriza kuwerenga akung'ung'udza. Atamaliza analowetsa bukulo m'pulasitiki mosamala, n'kusanja onse atatu kuti m'mphepete mukhale mofanana. Anasisita dzanja la mkazi wawo.

"Sabata ino sinaipe kwenikweni. Limodzi labwino, awiri a kudzala. Mwachita bwino kulawirira asanathe."

Mayiyo anagwera pampando, misozi ili chuchuchu. Limeneli linali Lachitatu la makumi awiri ndi chimodzi akuwapatsa mabuku atatu omwewo, chinenereni adokotala kuti amuna ake ali ndi matenda oiwala. Sabata iliyonse ankapemphera kuti amugwire bodza, amukalipire ngati kale, ndipo leronso sanamugwire.