Galimoto Imene Inazima Pachitunda

Sunthirani kuno abale, malo alipo. Nkhaniyi ndinaimva kwa munthu amene anaiona ndi maso, ndipo ndikuuzani momwe anandiuzira.

Panali munthu wina, anzake ankamutcha Wachangu chifukwa ngakhale tiyi ankamwa chiimirire. Bambo ake anali makaniko wakale, ndipo anali ndi galimoto yachikale, ya disitibyuta ija, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi a injini, yaikulu msinkhu kuposa mwana wawoyo. Atadwala n'kugonekedwa kuchipatala chakutali, makiyi anasiyira iyeyu. Mlongo wake ndiye ankadwazika. Amayi anatsala kunyumba chifukwa cha miyendo, poti kuchoka pakhonde kufika pageti kwa iwo unali ulendo.

Galimoto ija inayamba kuvuta. M'mawa sitata inkalira mwaulesi, magetsi ankaphethira, pamsewu inkadukiza. Atapita kukazonda matenda, Wachangu anawafotokozera bambo ake. Mkuluyo, diripi ili pamkono, anafunsa ngati magetsi amafooka pamene akuliza sitata. Atamva kuti inde, anati vuto ndi waya wokhuthala uja wochoka pa batire kukagwira thupi la galimoto, wachita dzimbiri. Amasule, apale ndi sandipepa, amange bwino, basi.

"Koma disitibyuta usaikhudze," anatero. "Ndinaiika ndekha. Ili pamalo pake."

Wachangu anavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ankati odwala angadziwe bwanji matenda a galimoto ali pabedi.

Panja pa chipatala galimoto inakananso kulira msanga. Panatulukira munthu wina, sipanala ili m'thumba lakumbuyo, n'kunena kuti wamva ali patali, taimingi yathawa, moto sukufika ku mapulagi pa nthawi yake. Wachangu anatchula za waya uja, munthuyo anaseka.

"Achimwene, madala athuwa amakonda mawaya ngati asodzi. Tsegulani boneti."

Anamasula bawuti ya disitibyuta, injini ikulira, n'kumaipotoza akumvetsera ndi khutu. Injini inakwera mawu, n'kumveka ngati yabwerera kuunyamata. Wachangu anakondwa. Sanaone kuti bawuti ija yangomangidwa mwachiphamaso, ndiponso palibe anaika chizindikiro pamene disitibyuta inali poyamba.

Patapita masiku atatu, mlongo wake anaimba m'mawa. Anati bambo afooka kwambiri, akungofunsa amayi, abwere nawo lero lomwe. Amayi anavala zovala zawo zabwino, anamanga mpango, ananyamula juzi ya amuna awo poti ankadandaula kuzizira. Wachangu anawakweza kutsogolo mowanyamula.

Wachangu anadzera njira yachidule yafumbi. Pachitunda choyamba injini inayamba kulira ngati timiyala m'chitini, n'kutentha. Pachitunda chachiwiri inaphulika kumbuyo ngati mfuti, n'kuzima. Disitibyuta inali itazungulira yokha.

Apa m'pamene anakumbukira waya uja. Anaumasula, anaupala ndi mwala, ndipo sitata inazungulira mwamphamvu ngati yatsopano. Bambo ananena zoona. Koma injini sinagwire, poti tsopano matenda anali awiri, ndipo achiwiriwo anachita kuwaitana yekha. Njirayo inali yosadutsadutsa magalimoto. Lole imodzi inadutsa itadzaza njerwa, amayi sakanatha kukwera pamwamba.

Anaimbira mlongo wake, n'kupempha kuti aike foni pakhutu pa bambo. Anaulula zonse. Mkuluyo sanakalipe. Anangofunsa ngati amake ali pomwepo, awapatse foni.

Amayi anatambasula dzanja pawindo.

"Dikirani kaye amayi, mukalankhula nawo pamaso. Ababa, ndiuzeni kaye, ndiyambire pati?"

Ndiye mkuluyo anayamba kuphunzitsa, akupumira m'mwamba. Achotse pulagi yoyamba, atseke bowo ndi chala, azunguze injini ndi sipanala mpaka mpweya ukankhe chalacho. Kenako kamzere ka papule, kagudumu kozunguza lamba wa injini, kayang'anizane ndi kachitsulo kosongoka. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena mlongo uja ankachita kubwereza. Apotoze disitibyuta pang'onopang'ono mpaka tizitsulo ta mkati mwake totchedwa mapointi tingoyamba kutseguka, amange bawuti zolimba. Wachangu ankafunsa mobwereza, mkuluyo n'kumayankhabe.

Injini inalira bwinobwino. Wachangu anapereka foni kwa amayi, koma amene analankhula ndi mlongo uja. Anati bambo atopa, atseka maso, fulumirani.

Anafika dzuwa litapendeka. Mlongo wake anali atakhala pansi pakhonde la wodi, chikwama cha zovala chili pambali, mbale ndi kapu atazimanga m'nsalu. Sipanafunike wowauza kuti bambo amwalira. Akuti mkuluyo sanalankhulenso chichokereni pa foni paja.

Amayi sanalire nthawi yomweyo. Anafunsa mwana wawo wamkazi kuti bambo ake anamaliza ndi mawu otani. Iye anazengereza, kenako anati anamaliza ndi akuti, "Umange zolimba."

Amayi anagwedeza mutu, n'kuyang'ana mwana wawo wamwamuna mopanda mkwiyo uliwonse.

"Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala nawo bambo ako. Anali ndi kampweya kochepa kondisungira ine, mwanawe. Wakathera iwe pa bawuti."

Wachangu anagwada pomwepo pakhonde, anthu akumulambalala.

Phunziro: Wokuuza vuto akudziwa chinthucho, yamba ndi zimene wakuuza, ngakhale zioneke zazing'ono. Usapatse mlendo wapamsewu chinthu chimene mwini wake anati usakhudze, chifukwa tsiku lodzakonza limadzadya nthawi imene inali ya wina. Ndipo wodwala akaitana munthu wake, mpatse foni kaye, zina zidikire. Ngati yakukhudzani, chonde itumizeniko kwa m'bale amene makolo ake akadali moyo.