Njere Makumi Awiri za Nenita

Panali munthu wina, dzina lake Rodolfo Abellana, amene anafika pa boti m'mudzi wa asodzi pachilumba chakutali cha Samar kudzapempha mitengo. Ankafuna bakawan, mitengo ija yomera m'matope pakati pa nyumba ndi nyanja, kuti akawotche makala. Amene anandiuza akuti zinachitikadi.

Rodolfo anayambira kwa Mana Saling, mayi wamasiye amene Loweruka lililonse madzi akaphwera ankatenga ana kukabzala njere za bakawan. Mayiwo anamukana asanakhale n'komwe pansi. Ndiye anapita khomo lotsatira, kwa Teban, n'kumulonjeza injini ya boti.

Teban ankalera yekha mwana wake Nenita, wa zaka khumi.

"Tatay, mmenemo muli mitengo yanga," anatero Nenita kwa bambo akewo. "Mana Saling anandipatsa njere makumi awiri. Anati ndidzabweze yanga ikadzabereka."

"Udzadya mitengo iwe? Pita ukaphike mpunga."

Mana Saling anabwera okha. "Teban, mitengoyi ndi mpanda wotchinga nyanja. Agogo ako sanausiye chifukwa chosowa nkhwangwa."

"Mana, inu munakwatiwa ndi matope, tonse tikudziwa," anaseka Teban. "Ine ndatopa kupalasa."

Masiku atatu okha, mitengo yonse ya mbali ya Teban inagwa, ya Nenita yomwe. Rodolfo anasiya injini n'kupita, osabweranso. Nenita sanalire. Anangosiya kupita kumatope Loweruka.

Chaka chisanathe, wailesi inalengeza namondwe. Mana Saling anagogoda kwa Teban. "Ngati iwe sukufuna kuchoka, ndipatse mwanayu akhale kwathu."

"Tikhala muno. Ndimusiyire ndani injini?"

Madzi anafika m'mawa. Kwa Mana Saling mafunde anayamba kumenyana ndi mitengo, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'chiuno, koma nyumba inaima. Kwa Teban panalibe chowatchinga. Funde loyamba linachotsa makwerero. Lachiwiri linanyamula nyumba. Teban anagwira mtengo wa kokonati ndi dzanja limodzi, lina litagwira Nenita. Funde lachitatu litadutsa, dzanja linalo linali lopanda kanthu.

Anthu anamupeza Nenita patapita masiku awiri, atakodwa m'mizu ya bakawan ya Mana Saling. Mitengoyo inamukaniza kupita kunyanja yakuya.

Teban sanalire pamaliro. Ankangokhala pomwe panali nyumba, kuyang'ana zitsa. Injini inali pomwepo m'matope, koma sanaikhudze. Tsiku lililonse Mana Saling ankamuikira mbale ya mpunga ndi nsomba zouma pambali pake n'kubwerera. Mawu akuti "ndinakuuza" sanatuluke pakamwa pawo.

Loweruka lina madzi ataphwera, Teban anayenda mtunda wautali kukatola njere kumudzi wina. Anabwera nazo m'malaya, n'kuziyala pakhonde la Mana Saling imodziimodzi ngati makandulo.

"Nanga izi?"

"Za Nenita, Mana. Zakwana makumi awiri."

Mayiwo sanawerenge. Anangomupatsa chikuni chobowolera matope, n'kumulozera kumene kunali ana.

Phunziro: Mwana akakuuzani kuti mtengo uwu ndi wanga, ikani nkhwangwa pansi mumumvere. Zimene timaphunzitsa ana kubzala tisamazidule ife tomwe, chifukwa wobwera kudzagula amachoka, madzi n'kupeza ife. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa kholo lina lero.