Zingwe za Nsapato

Nthawi inali itangokwana naini koloko m'mawa, ndipo kunja kunkagwa mvula yamawawa. Dokotala anasuzumira pakhomo la chipinda chake n'kuwerenga anthu. Pa benchi yake panali asanu. Pa benchi ya namwino, mbali ina ya khonde lomwelo, panali podzaza, ena ataima motsamira khoma.

Anabweza chitseko pang'onopang'ono, ngati munthu amene sanaone kanthu.

Namwinoyo anafika pachipatalapo zaka ziwiri zapitazo, ali ndi pepala lomulola kupima odwala ndi kulemba mankhwala payekha. Dokotala anamulandira bwino. Koma benchi yake itayamba kupepuka, moni wa m'mawa unayambanso kufupika.

Mayi namwinoyo anali ndi kachitidwe kake. Wodwala shuga aliyense, ngakhale abwere ndi chifuwa, ankayamba wavula nsapato ndi sokosi kuti aonedwe mapazi, chala ndi chala. Munthu mmodzi ankatha mphindi makumi awiri. Dokotala ankatha zisanu, ndipo chipinda chinacho anachipatsa dzina loti kwa osoka nsapato. Chimene chinkamuwawa koposa chinali kuseka. Khoma linali lopyapyala, ndipo m'chipinda mwa dokotalayo simunasekepo munthu.

Lachisanu la sabata imeneyo kunali koti kubwere akuluakulu a zaumoyo kudzayerekeza ntchito ya awiriwo. Wochita bwino ndiye anali woti adzapatsidwe odwala shuga onse a pachipatalapo. Aliyense anauzidwa kusankha wodwala mmodzi woti akuluakuluwo adzacheze naye.

Dokotala sanavutike kusankha. Anali ndi mkulu wina wokonza mawotchi, amene kwa zaka zambiri shuga wake ankangokwera ngati alibe mwini. Chaka chatha shugayo anatsika, n'kukhazikika. Chilonda cha kuphazi chimene mkuluyo ankadandaula nacho chinaleka kutchulidwa. Dokotala ankakumbukira bwino mwezi umene anamusinthira mapiritsi. Ndipo mkuluyo sanamuthawe ngati enawo. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ankapezeka pa benchi yake, patsogolo penipeni.

Lero linali Lachiwiri lomwelo.

"Lowani, bambo. Mawotchi akuyenda?"

"Akuyenda, adokotala, koma anthu masiku ano nthawi amaonera pafoni. Makasitomala ndatsala ndi inu ndi abusa."

Dokotala anatsegula fayilo. Manambala anali okongola. Anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Kuseri kwa khoma wina anaphulika kuseka.

"Mukumva? Uko ndi kumsika," anatero dokotala. "Anthu amakonda pocheza. Inu munasankha mankhwala."

Mkuluyo anakhosomola n'kuyang'ana pansi. Zingwe za nsapato zake zinali lendelende, zosamanga, monga zinkakhalira mwezi uliwonse.

"Zingwezo mudzagwa nazo tsiku lina. Zala zotola timisomali ta wotchi zikulephera mfundo?"

"Kufulumira, adokotala."

Dokotala anamufotokozera za Lachisanu. Anamuuza nthawi yofika ndi malaya oti avale. Anamuuzanso kuti akuluakuluwo adzafuna kudziwa chinasintha n'chiyani kuti munthu amene anatsala pang'ono kudulidwa phazi lero aziyenda yekha pamvula.

"Mudzangowauza mmene timachitira."

"Zonse?"

"Zonse. Musabise kanthu."

Mkuluyo anapumira m'mwamba ngati watula katundu. Anawerama, ndipo zala zake zinamanga mfundo ziwiri zaudongo m'kuphethira kwa diso.

"Ndiye mwandimasula, adokotala. Chaka chonsechi ndimaopa kuti mukadziwa mukhumudwa."

Dokotala anasiya kulemba.

"Tonse timalawirira kwa anamwino, inu musanafike. Akationa mapazi ndi kutiyalira mapiritsi a m'mawa paokha, a madzulo paokha, amati, 'Thamangani kwa adokotala, benchi yawo isakhale yopanda munthu.' Ndiye zingwe ungamange nthawi yanji?"

Dokotala anamutsegulira chitseko. Pa benchi yake panatsala anthu anayi: atatu zingwe zili lendelende, mayi wachinayi sokosi zili m'manja.

"Wotsatira," anatero.