Chigongono cha a Fabian

"Sankhani, bambo," anatero dokotala, akuloza chithunzi cha mafupa chimene anapachika pakhoma.

A Fabian anangochiyang'ana. Zaka zonse zonyamula njerwa ku Nigel, kufupi ndi Joni, zinali pamenepo: mafupa a chigongono chakumanja atadyana, popanda kanthu pakati. Mkonowo unali utasiya kuwongoka, ndipo ngakhale kufikitsa kapu pakamwa unkakana.

Dokotalayo anabwereza pang'onopang'ono. Akhoza kung'amba n'kupala timafupa tomera m'mbalimo. Ululu uchepa, koma udzabweranso pakapita zaka. Apo ayi, aikemo chigongono chachitsulo. Ululu utheratu, koma a Fabian sadzanyamulanso chinthu cholemera kuposa ketulo ya madzi.

"Mpaka liti?" anafunsa mkazi wawo, Virginia.

"Moyo wonse, mayi."

Virginia anawagwira bondo amuna akewo. "Ikitsani chitsulocho, bambo a Jessy. Ine ndatopa nako kukumvani mukubuula."

"Ndiye ku Joni kuno ndizidzatani? Kukhala pageti n'kumaonerera matekisi?"

"Tibwerera kwathu ku Chipata."

"Kukagwira khasu ndi mkono uti?"

Panja pakhonde odwala ena ankatsokomola, kudikira nthawi yawo.

A Fabian anapuma mozama. "Palani basi, adokotala."

"Mukabwerera ku njerwa, ndidzakuonaninso pampando womwewu."

"Ndikudziwa. Ndidzabwera."

Virginia anadzuka, natola jekete lawo, n'kuligwira motsitsa kuti mkono wopindikawo ulowe. Anawamangira mabatani onse mpaka m'khosi, osawayang'ana kumaso.