Njinga ya a Hopewell

Sharon atatsika pa kabaza ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, a Hopewell anadziwa kuti zawo zada. Chikwamacho chinabwera kudzanyamula zovala zawo.

Pangano lake linali losavuta kumva. Sharon, mwana wawo amene ndi namwino ku Blantyre, atawapeza ndi bipi yokwera, anavula kawotchi kake kakale kowerenga mapazi n'kuwamanga pamkono. Kawotchiko kankauza foni ya bambowo mmene ayendera, foniyo n'kukanena kwa Sharon. Akamayenda tsiku ndi tsiku, akhala kwawo kumtunda kwa Mishoni. Akachita ulesi, awatenga akakhale ku Blantyre kuti aziwaona ndi maso. A Hopewell Blantyre ankamuopa ngati ndende. Asiye munda wawo wa chinanazi, asiye bawo ya pansi pa mtengo wa mapeyala, akatsekeredwe mumpanda n'kumayang'anizana ndi TV? Ayi ndithu.

Komatu kuyendanso ankadana nako. Munthu woti wagwira ukalaliki ku esiteti ya tiyi moyo wake wonse ali pampando, lero azizungulira m'mudzi ngati wataya mbuzi?

Nzeru inachokera kwa akazi awo, mayi Anesi. Anati wotchi ilibe maso, imangomva kugwedezeka. Mukam'manga nayo telala kumwendo, iyeyo n'kumaponda makina ake osokera, iwerenga mapazi mpaka itatopa yokha. A Hopewell anaomba m'manja, nati aipereka kwa Kondi, telala wa kuseri kwa nyumba yawo. Mayi Anesi anapukusa mutu. Anati chinsinsi sapatsa mnansi, ndipo anatchula Kingstone, telala wa kutali ku Chitakale. Anawachenjezanso kuti asayerekeze kukwera kabaza, chifukwa anyamata aja onse amam'dziwa Sharon ndipo pakamwa pawo sipatsekeka.

Choncho m'mawa uliwonse a Hopewell ankazembera m'tinjira ta m'minda ya tiyi kukasiya wotchi kwa Kingstone, madzulo n'kukaitenga. Zinayenda bwino kwabasi. Sharon ankaimba foni kuyamikira kuti ababa akuposa achinyamata. Iwo, ali khale pampando wandalema, ankayankha modzichepetsa kuti munthu ukafuna moyo umalimbikira. Chikumbumtima chokha n'chimene chinkawadya, mwakuti thalauza inayamba kuwagwa, Kingstone n'kumawabwezera m'chiuno.

Zinasokonekera sabata yatha. Foni inapempha apudeti, iwo n'kungodina osawerenga. Kawotchi kananjenjemera, kanazima, kenako kanayaka ndi tizithunzi tachilendo. Kani kaphunzira nzeru paukalamba! Tsopano kankatha kusiyanitsa munthu woyenda, wothamanga ndi wopalasa njinga, ndipo mwendo wa Kingstone kanauika m'gulu la opalasa. Mawa lake Sharon anafunsa pa foni kuti njingayo agula liti, poti chibadwire a Hopewell sanagwirepo mahandulo. Iwo anati netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

Ndiye lero mwini wake wabwera.

Anakhala pakhonde. Sharon anapereka moni wachidule, osamwetulira, n'kutulutsa makina oyezera bipi. Mayi Anesi ankasenda chinanazi chapomwepo ngati nkhaniyi ndi ya kwa anthu ena. A Hopewell anaona kuti bodza lafika pamapeto, naulula kuti wotchiyo amaiyendetsa ndi telala. Dzina la akazi awo sanalitchule. Anaganiza zofa okha ngati mwamuna.

"Ababa, mwandipusitsa mokwanira. Tiyeni mkono," anatero Sharon.

Lamba wa makinawo anayamba kufufuma, kuwafinya. A Hopewell anayang'ana munda wawo, anayang'ana phiri, mtima ukuwawa zenizeni. Chinanazi chinali chitangoyamba kupsa. Anzawo a bawo adzadya okha, n'kumaseka kuti mkulu uja anagwidwa ndi wotchi.

Sharon anayang'ana makina aja, anakwinya nkhope, n'kuyezanso. Anasintha mkono. Anagwedeza makinawo ngati awonongeka. A Hopewell thukuta linatsika. Anadziwa kuti kwa Sharon sakafikako n'komwe, ulendo uno ndi wa pabedi la kuchipatala.

"Bipi yanu ili bwino kuposa yanga," anatero Sharon modabwa. "Munthu wongokhala pampando sizingatheke. Telala wanuyo ndi Kondi wakuseriyu?"

A Hopewell anayankha kuti ayi, ndi Kingstone wa ku Chitakale, ndipo amapitako wapansi, m'mawa ndi madzulo, kuopa a kabaza. Atamva okha zimene anena, anasiya kukamwa kuli yasa.

Sharon, atazindikira mwini nzeruyo, anatembenukira mayi ake, nafunsa chimene Kondi analakwa, munthu wosalankhulalankhula woti ngakhale moni anthu amachita kum'pempha.

Mayi Anesi anapukuta mpeni pachitenje, nauza Sharon kuti m'chikwamamo alongedzemo chinanazi, asabwerere chimanjamanja.

"Kondi ndi munthu wabwino, makina ali nawo, chinsinsinso amasunga," anatero. "Vuto lake n'limodzi basi: amakhala pafupi."